Kodi msewu ngwayani?

Pali mawu ena amene timawanena tsiku ndi tsiku osalingalira bwino tanthauzo lake. Amodzi mwa iwo ndi akuti "malo a boma". M'mphepete mwa msewu ndi malo a boma, pasiteji ya minibasi ndi malo a boma, kunja kwa mpanda wa msika nakonso ndi malo a boma. Munthu wamba akanena mawuwa kawirikawiri amatanthauza kuti malowo alibe mwini, choncho aliyense atha kuchitapo zomwe wafuna. Bwana wa muofesi akanena mawu omwewo amatanthauza kuti malowo ali ndi mwini wamphamvu zedi, choncho palibe woyenera kuyalapo ngakhale mulu umodzi wa tomato popanda chilolezo. Mkangano wa mavenda ndi makhonsolo, womwe watha zaka zoposa 30 m'dziko muno, wagona pa matanthauzo awiri amenewa.

Ine ndimakhala ku Nancholi, m'mbali mwa msewu wochoka mumzinda wa Blantyre kulowera ku Chikwawa. Aliyense wodutsa msewuwu chakumadzulo amadziwa mmene pamakhalira. Dzuwa likangopendeka, amayi amayala masamba, tomato, anyezi, bonya ndi usipa. Anyamata amakoleza moto pa chiwaya cha tchipisi, ena amaotcha chimanga ndi kanyenya, ena aimika njinga zawo zodzaza ndi matumba a makala. Anthu otsika minibasi pochokera kuntchito amagula ndiwo pomwepo n'kulowa m'tinjira topita kumakomo kwawo. Zoterezi zilinso ku Ndirande, ku Bangwe, ku Chilomoni, ku Zingwangwa ndi ku Machinjiri. Ambiri mwa ogulitsawa alibe pepala lililonse lowaloleza kukhala pamene alipo, komabe popanda iwo mabanja ambiri a m'matauni athu angagone osaona ndiwo.

Funso limene ndikufuna tilingalire limodzi ndi ili: kodi n'chilungamo kuti boma liletse munthu wosauka kugulitsa malonda pa malo amene ndi a tonse? Ngati n'chilungamo, liyenera kukwaniritsa chiyani lisanatukule chikwapu? Maganizo anga ndi akuti boma lili ndi ufulu, ndiponso udindo, wokhazikitsa malamulo pa malo amenewa. Koma lamulo limakhala lolungama pokhapokha ngati munthu wosauka angathe kulitsatira popanda kugonetsa ana ake ndi njala. Musanamulange munthu chifukwa cholowera pazenera, yambani mwaona ngati nyumbayo ili ndi khomo.

Mbiri ya nkhaniyi ili ndi phunziro. M'nthawi ya ulamuliro wa Dr Hastings Kamuzu Banda misewu ya m'mizinda inali yosesedwa ndipo malonda ankachitikira m'misika. Achikulire amaikumbukira nthawiyo ndi mtima wolakalaka, koma amavomerezanso kuti ukhondowo unkayenda limodzi ndi mantha. Ulamuliro wa zipani zambiri utabwera mu 1994, boma la a Bakili Muluzi linamasula chingwe. Inali nthawi yomwe makampani a boma ankagulitsidwa ndipo ntchito zolembedwa zinkasowa, kotero anthu ambiri anathamangira ku geni. Makonde a masitolo mu Victoria Avenue, mu Haile Selassie Road ndi mu Limbe anadzaza ndi mabenchi a kaunjika, nsapato ndi mawayilesi. Mu Epulo 2006 boma la a Bingu wa Mutharika linachotsa mavenda m'misewu pa ntchito yomwe inatchedwa Operation Dongosolo, n'kuwalamula kuti alowe m'misika yomwe anawakonzera. Misewu inayera kwa kanthawi, koma patapita zaka mavenda anabwerera. Kuyambira pamenepo takhala tikuona gule yemweyo: kuthamangitsa, kulekerera, kenaka kuthamangitsanso, ndipo kawirikawiri ng'oma yake imatsika chisankho chikayandikira.

Munthu amene wakula akuona zimenezi amaphunzira chiyani za lamulo? Amaphunzira kuti lamulo lili ngati nyengo ya mvula, limabwera n'kupita, ndipo wochenjera ndi amene amadziwa nthawi yobisala. Mnyamata wogulitsa majumbo pasiteji sadzifunsa ngati akulakwa. Amangodzifunsa ngati galimoto ya khonsolo ibwere lero. Apa ndi pamene pali kuwonongeka kwakukulu, chifukwa lamulo likasanduka chinthu chongozemba, anthu amaleka kulilemekeza ngakhale pa nkhani zimene likuwateteza iwo eni.

Pali mfundo ina m'mbiriyi imene siikambidwa kawirikawiri. Lamulo la maboma aang'ono la mu 1998 linapereka kwa makhonsolo mphamvu zopanga malamulo a m'madera mwawo, kuphatikizapo okhudza misika ndi malonda. Cholinga chinali chakuti malamulowo azipangidwa ndi makhansala osankhidwa ndi anthu. Koma makhansala omwe anasankhidwa mu 2000 anamaliza nthawi yawo mu 2005, ndipo dziko linakhala lopanda makhansala mpaka chisankho cha mu Meyi 2014. Izi zikutanthauza kuti pamene mavenda ankachotsedwa m'misewu mu 2006, mayi wa ku Nancholi analibe khansala woti akamudandaulire. Zaka zisanu ndi zinayi zimenezo zinatizoloweretsa kuti malamulo a mumzinda amangogwa kuchokera kumwamba ngati matalala. Lero makhansala alipo, koma chizolowezicho sichinatheretu.

Tsono wina angaganize kuti ndikuti malamulo achotsedwe, aliyense agulitse pomwe wafuna. Ayi ndithu. Ndime 29 ya malamulo aakulu a dziko lino imapereka kwa munthu aliyense ufulu wochita ntchito yopezera ndalama ndi kufunafuna zofunika pa moyo wake kulikonse m'Malawi. Koma ndime 44 ya malamulo omwewo imalola kuti ufulu uikidwe malire, malinga malirewo akhale olembedwa m'lamulo, omveka, ndiponso ofunikira m'dziko la demokalase. Msewu uli ndi eni ake ambiri. Pali mwana wa sukulu amene amakakamizika kuyenda pakati pa magalimoto chifukwa njira ya oyenda pansi yatsekedwa ndi mabenchi. Pali munthu wosaona ndi ndodo yake, pali woyenda pa njinga ya olumala. Palinso mayi amene amadula chiphaso tsiku ndi tsiku mkati mwa msika, koma ogula safika pa benchi lake chifukwa anzake osalipira awatchingira kale pachipata. Ameneyunso ndi wosauka, ndipo kulekerera chisokonezo n'kumulanga iyeyo chifukwa chomvera lamulo.

Chifukwa chachikulu koposa ndi umoyo. Mliri wa kolera womwe unayamba ku Machinga mu Malichi 2022 unakhala woopsa kuposa wina uliwonse m'mbiri ya dziko lino. Anthu oposa 58,000 anadwala ndipo oposa 1,700 anamwalira. Mu Januwale 2023 sukulu za m'mizinda ya Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulidwa, ndipo boma linaletsa kugulitsa zakudya zophikaphika m'misewu. Amene anaika maliro m'miyezi imeneyo sangavomereze kuti chakudya chogulitsa ndi nkhani ya wogulitsa ndi wogula okha. Madzi amene mayi wasukusulira thobwa, kapena manja amene mnyamata wagwirira tchipisi, angathe kufikitsa matenda pa khomo la munthu amene sanapite n'komwe kumsikako. Pa chifukwa chimenechi boma liyenera kukhala ndi mawu pa chiwaya chilichonse chimene chili m'mbali mwa msewu.

Komatu chiletso chokhudza aliyense chili ndi vuto lake. Pa nthawi ya mliri chingakhale chofunikira, chifukwa nyumba ikamapsa safunsa mwini chidebe. Koma chiletso chotere chimaika m'thumba limodzi mayi amene amavindikira mandasi ake m'ndowa yoyera, n'kumatolera ndi foloko, ndi uja amene amayala zitumbuwa poyera pambali pa ngalande. Onse awiri amataya malonda mofanana, ndipo mliri ukatha onse amabwerera mmene analili. Waukhondo uja sanapindulepo kanthu ndi ukhondo wake, ndipo wauve uja sanaphunzirepo kanthu. Chimene chimasiyanitsa awiriwa ndi kuyendera, ndipo kuyendera kumafuna anthu, nthawi ndi kuleza mtima.

Mawu akuti kuyendera ndi okoma m'chinenero chathu. Timayendera wodwala, timayendera achibale, timayendera munda kuti tione mmene mbewu zikukulira. Woyendera amafika masana, amadziwika dzina, amalonjera, amaona, amalangiza, ndipo amanena tsiku lodzabweranso. Alangizi a zaumoyo amene amazungulira m'makomo mwathu kuona zimbudzi ndi kugawa mankhwala othira m'madzi amagwira ntchito motere, ndipo palibe amene amawathawa. Yerekezani ndi galimoto yofika mwadzidzidzi, anthu n'kubalalika, madengu n'kugubuduzika, tomato n'kupondedwa. Kumeneko n'kusaka, monga asakira nyama kuthengo. Wosakidwa sagula ndowa yabwino kapena kumanga benchi lolimba, chifukwa akudziwa kuti mawa zingathe kulandidwa. Amasankha katundu wopepuka woti anyamule pothawa. Motero kusaka kumabala uve womwewo umene tikuti tikufuna kuthetsa.

Tifike tsopano pa chiphaso. Anthu ambiri amachiona ngati msonkho chabe, kapepala kodula kuti usavutitsidwe. Ine ndimachiona ngati pangano la mbali ziwiri. Wogulitsa akapereka ndalama yake amalonjeza kukhala pa malo amene wapatsidwa, kusesa, ndi kusunga chakudya mwaukhondo. Khonsolo ikalandira ndalamayo imalonjeza madzi, chimbudzi, kuchotsa zinyalala, ndi chitetezo chakuti munthuyo sadzathamangitsidwa popanda chifukwa. Pangano likasungidwa mbali imodzi yokha limatha mphamvu. M'misika yambiri ya m'matauni athu wodula ziphaso salephera kufika m'mawa uliwonse, koma mulu wa zinyalala umatha masabata uli pomwepo, ndipo chimbudzi, ngati chilipo, n'cholipiritsanso. Kodi tingadabwe bwanji munthu akaganiza kuti kuli bwino kuyala panja kwaulere kusiyana ndi kulipira mkati mopanda kanthu?

Ndiye pali funso la khomo lija. Tinene kuti mayi wa ku Nancholi wadzuka lero ndi mtima wofuna kumvera lamulo. Apite kuti? Akauzidwa kuti alowe mumsika, kodi mumsikamo muli malo? Akauzidwa kuti akagulitsire m'tauni, ndalama ya minibasi yopita ndi kubwerera idya phindu lonse la dengu lake la masamba, osanena za ana amene ayenera kuwaphikira masana. Chinanso chimene okonza mizinda amaiwala n'chakuti malonda aang'ono amatsata mapazi a anthu. Munthu wotopa wotsika minibasi mdima ukugwa sangayende mtunda kukafuna anyezi awiri. Msika womangidwa kutali ndi pamene anthu amadutsa umakhala wokongola pa tsiku lotsegulira, koma mabenchi ake amakhala opanda anthu. Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene mavenda ambiri anaperekera pobwerera m'misewu pambuyo pa 2006. Kulamula munthu kuti akagulitsire kumene kulibe ogula n'chimodzimodzi kumuuza kuti aleke kugulitsa, kungoti mwamuuza mozungulira.

Chilango nachonso chiyenera kuyezedwa. Kulanda katundu kumaoneka ngati chilango chaching'ono kwa munthu wolandira malipiro pamwezi, koma kwa venda dengu lija ndi mpamba wonse. Nthawi zambiri mpambawo ndi ngongole ya ku banki m'khonde kapena katapila, yoyenera kubwezedwa ndi chiwongola dzanja. Ndime 28 ya malamulo aakulu imati munthu asalandidwe katundu wake mwachisawawa. Wakuba amene wagwidwa ndi mbuzi amakaonekera pamaso pa woweruza, amafunsidwa mbali yake, ndipo chilango chake chimalembedwa. Nanga bwanji wogulitsa nthochi aweruzidwe ndi kulangidwa pamsewu pomwepo, popanda lisiti losonyeza zimene zatengedwa? Nthochi sizidikira tsiku la mlandu. Ndipo paliponse pamene munthu mmodzi ali ndi mphamvu yolanda popanda kulemba, mpata wa ziphuphu umatseguka. Ku South Africa, mu 2015, khoti lalikulu mumzinda wa Durban linagamula mokomera venda wogulitsa nsapato amene katundu wake analandidwa, ndipo linati malamulo a mzindawo olola kulanda kotere ankasemphana ndi malamulo aakulu a dzikolo.

Kwathu kuno tili ndi chitsanzo chathu. Mu Malichi 2015 a Mayeso Gwanda, omwe ankagulitsa majumbo, ananyamuka m'bandakucha kwawo ku Chilomoni kupita ku Limbe kukachita malonda. Panjira apolisi anawamanga pa mlandu wa vakabu, pogwiritsa ntchito ndime 184(1)(c) ya malamulo a zilango, lamulo lomwe tinatengera kwa atsamunda. A Gwanda anakana kungovomera mlandu kuti zithe msanga monga ankachitira ambiri. Anatengera nkhaniyi ku khoti lalikulu, ndipo pa 10 Januwale 2017 khotilo linagamula kuti ndimeyo inali yosemphana ndi malamulo aakulu a dziko. Mu Disembala 2020 khoti la ufulu wa anthu la mu Africa, lomwe lili ku Arusha, nalonso linapereka maganizo ake akuti malamulo a vakabu amaphwanya ufulu wa anthu. Phunziro lake ndi lakuti lamulo lingathe kukhala m'buku zaka zambirimbiri koma lili lolakwika, ndipo kulakwika kwake kumaonekera pa amene limawagwera. Munthu wa galimoto sankamangidwa chifukwa choyenda usiku. Lamulo la malonda a m'misewu nalonso tiliyeze ndi muyeso womwewo: kodi likulanga chochita choipa, kapena likulanga umphawi?

Mayiko ena ayesapo njira yotsegula khomo. Mu 2014 dziko la India linakhazikitsa lamulo loteteza ndi kuwongolera ogulitsa m'misewu. Lamulolo limati mzinda uliwonse ukhale ndi komiti yoona za malondawa, ndipo mamembala 40 mwa 100 alionse akhale mavenda eni ake. Limatinso mavenda awerengedwe kaye ndi kupatsidwa ziphaso asanachotsedwe pa malo. Mizinda yambiri ya kumeneko yachedwa kulikwaniritsa, koma maganizo ake ndi oyenera kuwatola. Kuno ku Nancholi sitikusowa zipangizo zochitira zofanana ndi zimenezi. Tili ndi khansala, tili ndi mafumu, tili ndi makomiti a misika ndi alangizi a zaumoyo, ndipo m'dziko muno muli bungwe la MUFIS loimira anthu ochita malonda aang'ono. Anthu amenewa atakhala pansi angathe kulemba mayina a ogulitsa, kulemba mzere patali pang'ono ndi phula woti benchi lisadutse, kugwirizana maola a msika wa madzulo, ndi kuika mtengo wa chiphaso umene wogulitsa masamba angakwanitse. Ndalama zotoleredwa zizilembedwa pa bolodi poyera, pambali pake palembedwe zimene zagwira. Mutu umodzi susenza denga.

Pali chotsutsa chimodzi chimene sindingachilambalale. Chiphaso chimateteza amene ali nacho, koma chimatsekera kunja amene alibe. Malo a m'mbali mwa msewu ali ndi malire, pamene achinyamata omaliza sukulu opanda ntchito akuchuluka chaka ndi chaka. Mukalemba mayina lero, mawa kubwera ena. Ndiponso mavenda si angelo. Pali atsogoleri a m'misika amene amasandutsa malo a tonse kukhala awo, n'kumagulitsa mabenchi kwa amene ali ndi ndalama kapena a chipani chawo. Tikukumbukanso manyazi a mu Januwale 2012, pamene amayi ovala mabuluku ndi masiketi aafupi anavulidwa m'misewu ya Lilongwe ndi Blantyre ndi magulu omwe ambiri anati anali mavenda. Amene akufuna kuti ufulu wake pamsewu ulemekezedwe ayenera kulemekeza wa ena. Yankho langa pa chotsutsachi ndi lakuti chiphaso sichingathetse ulova, ndipo tisachisenzetse katundu amene sichingathe. Chimene chingathe ndi kuonetsetsa kuti malo ochepa amene alipo akugawidwa poyera, kwa nthawi yodziwika, motsatira mndandanda umene aliyense angauwerenge. Kukanidwa malo chifukwa adzaza kumapweteka, koma kumapiririka kusiyana ndi kukanidwa chifukwa ulibe wachibale kapena kangachepe.

Ifenso ogula tili m'nkhaniyi. Timadandaula m'mawa kuti mzinda wada, madzulo n'kutulutsa mkono pazenera la minibasi kugula nthochi, makoko ake n'kuponya mumsewu. Timanenerera mtengo wa mulu wa tomato mpaka wogulitsa atsale wopanda phindu, kenaka n'kumudzudzula kuti alibe ndowa yovindikira. Venda amaima pamene ife timaima. Ngati tikufuna dongosolo, tiyenera kuvomera kuyenda masitepe angapo kukagula pa malo ovomerezeka, ndi kusankha wogulitsa waukhondo ngakhale mtengo wake utakwererapo pang'ono.

Tsono msewu ngwayani? Matanthauzo awiri aja onse ndi operewera. Malo a boma ali ndi eni, ndipo eni akewo ndi woyenda pansi, woyendetsa galimoto, mwana wa sukulu, mayi wa mumsika ndi mayi wa panja pa msika. Khonsolo ndi kapitawo amene eni akewo amusungitsa malowo. Kapitawo wabwino amaika malamulo, amayendera, ndipo amalanga wosamva. Koma asanalange amaonetsa munthu pamene angakhale, amamuuza mtengo umene angathe, amasunga mbali yake ya pangano, ndipo sasintha mawu chifukwa chisankho chayandikira. Khonsolo ikadzachita zimenezi idzakhala ndi chifukwa chomveka chochotsera benchi limene ladutsa mzere, ndipo ndikhulupirira kuti oyamba kuithandiza adzakhala mavenda amene ali ndi ziphaso m'matumba mwawo.